Chinkhanira Chimene Chinkagwada Chokha

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga ankayendetsa thalakitala yakale pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Thalakitala zina zimatapa ndi chifosholo chakutsogolo n'kukhuthula kutsogolo komweko, koma iyi ayi. Amene anaiwotcherera, kaya anali ndani, anaipatsa mikono iwiri yachitsulo italiitali. Inkatapa manyowa kutsogolo, n'kuwadutsitsa pamutu pa dalaivala, n'kukawathira m'ngolo kumbuyo. Anthu ankaitcha Chinkhanira. Bambo ankaweruka manyowa ali m'tsitsi ndi m'khosi momwe, mayi n'kumati, "Kodi inu mumapita kuntchito kapena kukagubuduka m'khola?"

Shedi yake inali yaifupi, choncho poisunga ankasiya mikono ili chiimire kuti chitseko chitsekeke. Ndiye m'mawa wina anapeza chifosholo chatsika, chatsamira chitseko. Mawa lake chimodzimodzi. Kapitawo wathu, a Mbewe, anati palibe chitsulo chimene chimagwada chokha, wina akuitulutsa anthu atagona kukatuta mchenga waganyu n'kuibweza mothamanga. Kiyi ankasunga ndi bambo. Tonse tinkadziwa kuti ntchito ikatha, nyumba ya pakomboni nayonso yapita.

A Mbewe anandipeza pamjigo. "Iwe Esinati, bambo ako usiku amagona m'nyumba?"

"Kaya, ine ndimakhala ndagona."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza nkhani yaikulu. Abale, kukayikira n'kopatsirana! Nanenso ndinayamba kununkhiza malaya a bambo, n'kumva dizilo. Nanga dalaivala azinunkha chiyani, mafuta odzola? Bambo atagula shuga, amayi a pakomboni anatsinana. Atayasamula masana, anthu anayang'anana. Mwezi usanathe bambo anachotsedwa ntchito, tinakweza katundu pangolo kupita kumudzi kwa mayi, ndipo ine sukulu ndinaisiya kaye.

Mvula itagwa, mayi wina wa pakomboni anabwera kudzationa. Anati Chinkhanira chikugwadabe, ngakhale kiyi tsopano akugona nayo a Mbewe enieni. Makaniko anapeza kuti kamphira kam'kati kanatha, oyilo ankabwerera pang'onopang'ono, mikono n'kumatsika yokha.

"Ndiye akuitanani, bambo?" ndinafunsa.

Bambo anapitiriza kusema mpini. "Mwanawe, chinthu chikaonongeka anthu sayang'ana chinthucho. Amayang'ana amene waima pafupi."

Mawu amenewa anandipeza ku Dubai chaka cha Korona, ndikulera mwana wa mabwana anga m'nyumba yosanja ku Al Barsha. Zitseko zonse zinali zotseka, ine ngakhale kutchalitchi osapita. Mwana atayamba kutsokomola, madamu anandiyang'ana ndi diso la a Mbewe lija. Anandifunsa amene ndimalankhula naye ndikatsika kukataya zinyalala. Anandipatula kapu yanga, nsapato zanga anazipopera mankhwala. Ndinangoti, "Khalas, basi, madamu, tiyezetse tonse." Zotsatira zitabwera, ine Koronayo ndinalibe. Anali nayo ndi bwana, amene ankapitabe kuofesi.

Kapu yanga inabwerera pakati pa zinzake mwakachetechete. Pepani sanatuluke, ndipo sindinadabwe. Chinandipweteka ndi china. Ine ndinali ndi pepala la kuchipatala londiyeretsa, pamene bambo analibe kalikonse koma nkhope yawo. Anamwalira osabwereranso pa esiteti paja. Lero ndimamvetsa kuti choonadi chikachedwa chimangoyeretsa dzina, sichibweza nyumba. Ndimamvetsanso chifukwa chake bambo masiku amenewo ankapachika malaya awo panja. Anali atandiona ndikuwanunkhiza.