Mwendo Wolowa Nawo Mumzikiti

Lachisanu lapitali ndinapita pa Boma kukatenga buluku langa kwa Che Amidu, atelala a pakhonde la sitolo. Ndinapeza makina ali zii, eni ake akhala pansi, mtsikana wina akuwamangirira mwendo wamtengo.

Che Amidu mwendo wawo wamanzere unatsala ku migodi ya ku Joni. Kumeneko anawapatsa wina wochita kupanga, wolimba ndithu, koma wouma gwa pabondo, nsapato yake yokhomerera. Nanga munthu n'kulowa mumzikiti ndi nsapato? Agwada bwanji? Chibwerereni akhala akupempherera panja, anzawo ali pamzere m'kati.

Mtsikanayo ndi Estere wa ku Likoswe, amene akuchita digiri yachiwiri kunja, ya zipangizo za kuchipatala. Kafukufuku wake ndi womwewu: mwendo wa munthu wokhala pamphasa, wolima chowerama, wogwada. Bondo lake limapinda, phazi ndi la mphira wa tayala.

"Ndi wachitatu uwu," anandiuza. "Woyamba unathyoka, wachiwiri unawatupitsa."

"Ine ndinatopa kalekale," anatero Che Amidu. "Koma mwanayu, iii, samva!"

Kunena zoona, ndinachita naye kaso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwawo ena amamuseka, ati sukulu yonse ija n'kudzathera kusema mitengo ngati wogulitsa mipini. Ife timafuna wophunzira abwere ndi jakisoni ndi chijasi choyera. Koma ndi makina angati afika m'dziko muno, opangidwira anthu a mipando ndi magetsi, n'kungokhala pakona atafunditsidwa nsalu? Ndani anayamba wafunsa mmene ife timakhalira? Estere, woimba kwaya kutchalitchi kwawo, anachita kupempha kuti amuonetse magwadidwe a Asilamu, adziwe pomwe bondo liyenera kufika.

Nthawi ya mapemphero itakwana, tinawaperekeza. Anayenda motsimphina, akudandaula kuti lamba akuluma. Pakhomo anavula patapata zonse ziwiri n'kuziika pamodzi ndi za anzawo. Kenaka anangoima, ngati mlendo, mpaka mkulu wina anasuntha pamzere n'kuwakodola.

Ife tinaima chapatali, tikusuzumira pachitseko. Mzere unawerama, n'kutsika pansi. Che Amidu anatsalira pang'ono, kenaka nawonso anatsika mpaka chipumi kugunda mkeka.

Estere anandigwira dzanja, misozi ili mbwee.

"Lapinda, amalume," ananong'ona. "Lapinda."