Tsache ndi Nambala Yachilendo

Pa gulu la pa foni la anthu okonda luso lobisa mauthenga ankamutcha Tsache. Kuntchito anali mayi wa fotokope, m'kachipinda konunkha inki, pakati pa wometa ndi telala. Telalayo anali mlamu wake, munthu woti mawu sagona m'kamwa.

Dzinali silinabwere lokha. Amene anayambitsa gululo, mkulu wina yemwe onse ankangoti Aphunzitsi, anaika lamulo limodzi: muno timakamba masamu ndi makiyi otsekera mauthenga, basi. Zina zonse wozisesa anali Tsache. Wina akalemba za mpira, wafufuta. Wina akati mwana wadwala, pepani wa kumbali, koma pagulu wafufuta. Ngakhale Aphunzitsi eniake akaterereka n'kuyamba za kunyumba kwawo, iye ankafufuta asanawerenge mzere wachiwiri. Ena anatuluka, ati gulu louma ngati chikopa. Iye ankati bola kuuma kusiyana ndi phokoso la pamsika.

M'mawa wina, makina akumeza mapepala awiriawiri, kunabwera uthenga wochokera pa nambala yachilendo. Wolembayo anati ndi Aphunzitsi, foni awabera m'basi, kiyi yawo yachinsinsi yowazindikiritsa yapita nayo limodzi, ndiye awalowetse ndi nambala yatsopanoyi n'kuwabwezera udindo wawo.

Tsache anayesa nambala yakale. Yozima. M'gulumo munali mtolankhani, munalinso mayi wina wothawa mwamuna wankhanza, anthu oti nambala zawo zisaonedwe mwachisawawa. Akalowetsa wakuba, wawagulitsa onsewo. Akakaniza Aphunzitsi enieni, watsekera panja munthu amene anamuphunzitsa zonse osamulipiritsa.

Mlamu anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi, n'kufunsa ngati makina aphanso munthu. Atamva nkhaniyo anati n'zosavuta, angowaimbira. Tsache anati mawu awo sanawamvepo. Nanga nkhope? Ayi. Dzina la akazi awo, ntchito imene ankagwira, ngakhale timu yawo ya mpira? Tsache anangoyang'ana inki ya m'zikhadabo.

"Alamu, ine kasitomala wanga ndimadziwa chiuno chake ndi amene anamukana ukwati. Inu zaka zonsezi mumacheza ndi mizukwa?"

Tsache sanaseke. Anatumizira nambala yachilendoyo funso lovuta la masamu, ndipo yankho linabwera msanga, lolondola. Koma silinatsimikizire kanthu. Aliyense wokhalitsa m'gulumo akanayankha chomwecho, ngakhale mmodzi mwa otuluka mokwiya aja.

Anafunsa pagulu ngati alipo wodziwa kanthu kena ka Aphunzitsi, koti mlendo sangakadziwe. Wina anati analembapo za bondo lowawa, wina anati ayi, unali msana. Wina anati amaweta nkhunda, kapena anali munthu wina, sakukumbuka bwino poti uthengawo sunakhalitse. Wachinayi anangolemba kuti, funsani tsache lanu. Chala cha Tsache chinapita chokha pofufutira, koma anachibweza.

Mayi wina anali ataima pakauntala ndi satifiketi ya mwana wake, akugogoda ndi chala. Tsache anaijambula chozondoka, n'kuyambiranso. Mlamu anabwerera ku makina ake akung'ung'udza kuti munthu wamkulu sasiyidwa pakhomo ngati wogulitsa makala.

Dzuwa lili pamutu, Tsache anakhala pa katoni ya mapepala n'kulemba, kufufuta, kulembanso. Pamapeto pake anatumiza mawu ochepa: "Pepani bambo, ndilibe njira yodziwira kuti ndinudi. Sindikulowetsani."

Foni inaonetsa kuti uthenga wawerengedwa. Kenako inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Wachita bwino, mwana wanga. Inenso ndikanatero."

Tsache anawerenga kawiri. Umu ndi mmene Aphunzitsi akanayankhira. Ndi mmenenso wakuba wochenjera akanayankhira. Anavundikira foni pakauntala, n'kuitana wotsatira pamzere.