Manja a Agogo a ku Dennistoun

Magolovesi aja ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, achikopa, ong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Ankanunkha ngati nsapato yonyowa. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Dennistoun, kudziko la azungu, m'nyumba ya bambo wina wokalamba wochokera ku Mangalande, amene amayi ankawasamalira. Ife tinkagona m'kachipinda ka kumbuyo, ndipo tinkangowatchula kuti agogo.

Magolovesiwo anali a malemu agogo awo a bambo wokalambayo, amene kalekale ankasewera kiriketi, masewera omenya mpira ndi thabwa. Ntchito yawo inali yonjuta kuseri kwa timitengo titatu tozika pabwalo, kuwakha mpira umene womenya wauphonya. M'nyengo yozizira ankasoka nsapato, kukafunda n'kumayenda m'matauni pa sitima kukasewera. Mpira wake ndi wolimba ngati mwala, ndiye zala zinathyokathyoka mpaka singano inawakanika kugwira. "Anthu ankaombera m'manja womenya," ankatero agogo. "Wowakha ankamukumbukira akagwetsa basi."

Chaka chimenecho manja a agogo nawonso anayamba kunjenjemera. Mwana wawo wamkazi ananena poyera kuti akalephera kudzigwirira kapu, awapititsa kosungira okalamba. Adokotala anawapatsa kampira kofinya kolimbitsira zala. Agogo anakaponya pansi pa bedi.

Amayi ndiwo anapeza nzeru. Anakulunga masokosi ngati mpira, nandituma kuti ndiziwaponyera mukolido. Agogo anavala magolovesi aja, atakhala pa mpando. Ndikaponya mofewa ankakalipa: "Ponya ngati wandikwiyira, mtsikana iwe!" Ndinkaponya mpaka phewa kuwawa, zenera lili lotsegula, mabasi akudutsa kunja, dzuwa la kumeneko losafuna kulowa.

Tsiku lina agogo anaitanitsa nyama yang'ombe, yopanda fupa. Amayi anali atatenthetsa kale mafuta pomwe anawaona akuilowetsa m'magolovesi yaiwisi. Akuti akale aja ankatero kuti mpira usawapweteke. "Ndiwo m'magolovesi? Kuwakha masokosi? Agogo, Mulungu akukuonani!" anatero amayi m'Chichewa. Iwo osamva kanthu, koma anaseka mpaka kutsokomola. Nyamayo anadya mphaka wa anthu a m'nyumba ya pansi.

Lero ndikamadikira mwana wanga kuti afikitse yekha supuni kukamwa, ndimaona kuti amayi aja anali ndi mtima wautali. Tiyi wa agogo akatayika ankangopukuta, n'kuthiranso wina, koma wochepa kuti kapu ipepuke.

Masamba atayamba kufiira, mwana wawo uja anabwera. Ndinathamanga kukatenga masokosi kuti aone. Agogo anawakha, anawakhanso, osaphonya. Ine ndinalumpha ngati tapambana. Kenaka amayi anabweretsa tiyi. Agogo ananyamula kapu ndi manja onse awiri, inafika pachibwano, n'kupendekeka. Tiyi anayenderera pa malaya. Mwana wawoyo anangoyang'ana kuzenera, akupukuta m'maso.

Mlungu wotsatira amayi anasita malaya onse a agogo, kuwaika m'sutikesi. Atatha anatsitsa sutikesi yathu pamwamba pa kabati, nayamba kupinda madiresi anga. Ndinasangalala zedi. Ndinafunsa ngati kumene tikupita ndi agogoko kuli kolido yaitali yoponyeramo.

"Ikamo nsapato zako," anatero amayi, osatembenuka.

Ndinkaganiza kuti tikusamukira limodzi. Sindinkadziwa kuti kachipinda kathu kaja, ntchito ya amayi, ngakhale kukhala kwathu m'dziko lija, zonse zinali m'manja onjenjemera aja.