Makilo amene ndinawonjezera kumchira

Achimwene anga anali owotcherera zitsulo ku Kapata. Ntchito yawo yeniyeni inali yolimbitsa makaliyala a njinga zonyamula anthu, koma makasitomala akachepa ankalowa kuseri kwa shedi kukapanga ndege. Inawatengera zaka zisanu ndi ziwiri. Inali ya munthu mmodzi, thupi la mapaipi, mapiko okutidwa ndi nsalu yopaka penti, injini yochotsa ku njinga yamoto. Anthu ankaseka, ine ndinkangoonerera. Aliyense ali ndi misala yake.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa sikelo, kuyeza mtedza wa alimi ku Chipangali. Ndege itatha, anandiitana kuti ndibwere ndi sikelo yapansi. Anandifotokozera kuti ndege sayeza ngati thumba. Gudumu lililonse amaliyeza palokha, woyendetsa atakhala pampando, chifukwa nkhani si kulemera kokha koma pamene kulemerako kwatsamira. Kukachuluka kumchira, ndege ikangonyamuka mphuno imadzuka yokha, liwiro n'kutha, n'kugwa. Malire ake anali atawalemba ndi choko pachitseko cha shedi.

Tisanayambe, alamu anga, akazi awo, anandikokera kukhitchini.

"Mulamu, inu apasikelo timakudziwani, mumabera alimi tsiku ndi tsiku. Lero berani mokomera ine. Akakagwa nacho chimenechi, ana anayiwa ndilera ndi ndani?"

Zinandipweteka, chifukwa ndinali ndisanabereko mlimi ngakhale kilo imodzi. 

Achimwene anakwera pampando. Abambo awiri oyandikana nawo nyumba ndiwo ankanyamula ndege kuiika pa sikelo. Magudumu awiri akutsogolo ndinawerenga zoona. Kagudumu kakumchira tinakayezera pamwamba pa dramu kuti ndege ikhale yowongoka, ndipo abambo aja anapita kukagwirizira mapiko. Kumbuyoko ndinatsala ndekha. Muvi wa sikelo unaima mkati mwa malire a pachitseko paja. Malinga ndi masamu a achimwene, ndege inali bwinobwino. Ndinayang'ana msana wa achimwene, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo ndinachita mantha. Ndinawonjezera makilo asanu ndi anayi, n'kuwatchula ndi mawu omwe aja ndimatchulira mtedza.

Achimwene anatsika pampando.

"Ndi dzanja langali, mlongo wanga. Linazolowera makaliyala, chilichonse limalimbitsa mopitirira."

Sanapemphe n'komwe kuti aone okha muvi. Kuika cholemera kumphuno sikukanatheka, chifukwa kainjiniko kanali kale kakunyamula zoposa msinkhu wake. Choncho anayamba kupepuza mchira umene unalibe vuto. Anachotsa mapaipi awiri, otsalawo n'kuwaboolaboola. Patatha mwezi anandiitananso, ndipo ndinanamanso. Bodza lachiwiri silivuta, limangotsata njira ya loyamba. Ulendo wachitatu sindinafunikenso kunama. Pamene abambo aja ankaukweza pa dramu, mchira unapindika m'manja mwawo.

Achimwene sanakwiye. Anauzungulira, kuugwiragwira, n'kunena kuti bola wapindikira pansi pano kusiyana ndi m'mwamba. Injini anaigulitsa kwa munthu wa ku Nabvutika. Mapaipi anathera m'makaliyala, limodzi limodzi. Sanapangenso china chilichonse kuseri kwa shedi, ndipo masana opanda makasitomala amangokhala pabenchi n'kumaonera njinga zikudutsa.

Ana aja anakula ndi bambo wawo. Ine ndi alamu nkhaniyi sitinaikambirenso, koma ndikafika kwawo amandiphera nkhuku ngakhale palibe chifukwa. Ngati ndegeyo ikanauluka kapena ikanawapha, sindidziwa, ndipo palibe amene adzadziwe.

Chaka chatha paukwati wa mwana wawo woyamba, achimwene anandiimiritsa pamaso pa anthu, atandigwira phewa.

"Uyu ndiye anandipulumutsa. Ine ndinkadziyesa katswiri, pomwe ndinalakwitsa masamu ndi makilo asanu ndi anayi athunthu. Zaka zisanu ndi ziwiri, osaona."

Anthu anawomba m'manja, ena akuseka. Achimwene nawonso anaseka, koma mwamanyazi. Ine ndinawerama mwaulemu, n'kukakhala pansi.