Kansalu ka pa Chogwirira

Tsiku limenelo kunali chiperoni. Mvula yamawawa inkagwa pa malata a shedi yathu ku Limbe, sitima inkakoka mabogi kusiteshoni, ndipo oitanira minibasi ankakuwa ndi mawu osasa. Ndinafika mochedwa chifukwa ndinadzera kuchipatala kukayezetsa maso.

Ndinali kapitawo pa kampani ina ya amwenye yokonza zigayo ndi mapampu. Chaka chilichonse tinkalandira ophunzira za uinjiniya kuti azolowere ntchito ya manja kwa miyezi itatu. Pomaliza ndinkalemba m'mabuku mwawo n'kusayina, ndipo popanda dzanja langa sakanapitirira kusukulu. Chaka chimenecho anabwera awiri, mtsikana wa ku Nsanje wosabisa mawu, ndi mnyamata wa ku Manja wanthabwala.

"Madala, makina awa munabadwa nawo chaka chimodzi eti?" ankatero mnyamatayo.

"Iwe, makinawo sanajombepo. Iweyo Lolemba unali kuti?" ankamubweza mtsikanayo.

Ndinkawakonda ana amenewo.

Makina ankanenawo anali anga osemera zitsulo. Pa chogwirira chake panali kansalu kokulungidwa, kakuda bii ndi girizi, nsonga yake ikulendewera. Anakakulunga ndi malemu akazi anga. Nyengo ina yozizira anandibweretsera chakudya, napeza chikhatho changa chitang'ambika ndi chitsulo. Anang'amba mkawo wa chitenje chawo cha kutchalitchi n'kumanga pamenepo. Atamwalira, abale awo anagawana zovala monga mwa mwambo, ine sindinapemphe kanthu. Chimene chinanditsalira ndi kansaluko. M'mawa uliwonse ndinkakagwira ndisanayatse makina, n'kupemphera mwachidule.

Anawo sankadziwa zimenezi. Sindinawauzepo.

Nditalowa m'shedi tsiku lija, Lachitatu la sabata yawo yomaliza, ndinapeza makina akuwala ngati atsopano. Awiriwo anaima pambali, manja kumbuyo, akumwetulira. Pa chogwirira anavekapo kapaipi ka labala.

"Bambo, ndi mphatso yathu yotsanzikira," anatero mtsikanayo. "Kusukulu amati nsalu yolendewera pafupi ndi makina ozungulira imakoka dzanja. Tachotsa sanza ija."

"Mwaiika kuti?"

Mnyamatayo analoza mgolo wa moto umene anzathu ankawothera panja. "Yapsa bwino kwabasi, madala. Mafuta okhaokha."

Ndinapita pa mgolopo. Munali phulusa ndi makala basi. Sindinakalipe, ndinavula chipewa, n'kuchivalanso, ndipo ndinakakhala mu ofesi. Wowotcherera zitsulo, amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri, ndiye anaitanira anawo kuseri n'kuwafotokozera za kansaluko.

Mabuku awo anali m'dilowa mwanga, oyenera kubwezedwa Lachisanu. Lachinayi ndinawatulutsa kawiri, n'kuwabwezeramo osalemba kanthu. Ndinadziwa kuti ndikalemba ndili ndi mtima umenewo, ndilemba zowapweteka. M'shedi munalibe nthabwala. Mnyamata uja ankasesa malo osesasesa kale.

Madzulo ndili mu minibasi ndinayang'ana chikhatho changa. Ndinakumbukira kuti akazi anga aja, ali moyo, ankanena okha kuti, "Abambo, kasanza kaja kada, mudzandichititsa manyazi kwa anzanu." Iwo anakamanga kuti dzanja langa lisavulale. Anawa anakadula pa chifukwa chomwecho. Ndipo kunena zoona, nsonga ija inandikolapo mkono wa ovolosi kamodzi, ine osauza munthu.

Lachisanu m'mawa anagogoda pa ofesi, mtsikana patsogolo.

"Bambo, talakwa. Tinafuna kugula chitenje china, koma taona kuti kungakhale kukunyozani. Ngati simusayina, timvetsa."

Mnyamatayo anangoti, "Pepani, bambo," maso ali pansi. Aka kanali koyamba kusanditchula madala.

Ndinawauza kuti akhale. Ndinalemba kuti ndi akhama, ndipo amasamala za chitetezo cha anzawo. Pansi pake ndinawonjezera kuti aphunzire kufunsa asanachotse chimene achipeza pa makina a munthu. Ndinasayina mabuku onse awiri.

"Labala wanuyu akuterera," ndinamuuza mnyamatayo. "Kammange ndi waya usanapite."

Anathamanga, mpaka kupunthwa pakhomo.

Labala uja anakhala pamenepo mpaka tsiku limene ndinapuma pa ntchito. Kansalu kaja ndimakakumbukirabe kukazizira. Koma ana aja ndinawakhululukira.