Thirza Holroyd ndi Imfa ya Keziah

Thirza Holroyd ndinkakhala naye moyandikana ku Bradford, khoma lokha kutilekanitsa, mumzere wa nyumba zodetsedwa ndi utsi wa mafakitale a ubweya. Mwamuna wake anafa ndi chifuwa, ndipo iye ankadzidyetsa ndi ntchito ziwiri: kusambitsa maliro, ndi kulemba nkhani zomwe zinkatuluka Loweruka lililonse m'kanyuzipepala kotchipa. Dzina lake silinkaoneka. Mwini nyuzipepalayo anati palibe angagule nkhani za kuphana zolembedwa ndi mkazi, choncho ankaikapo dzina la mwamuna. Chinsinsicho tinkachidziwa awiri, ine ndi mnzathu Keziah Binns.

Wofufuza milandu wa m'nkhanizo anali mkazi, Mayi Garside, wamasiye wovala zakuda amene ankalowa m'makhitchini a anthu ngati wogulitsa ulusi, n'kumaona zimene apolisi ankaponda osaziona. Atsikana a kufakitale ankalimbirana nyuzipepalayo mpaka kuing'amba.

"Iwe Thirza, Mayi Garside akowo atadzanditengera mwamuna wanga uja, ndingakuphikire tiyi chaka chonse," anatero Keziah tsiku lina, akuseka, diso lili chotupa.

"Nanga disolo?"

"Chitseko, m'bale wanga. Chitseko cha kwathu n'chaukali."

Keziah anafa nthawi yachisanu. Mwamuna wake, Enoch, anati wagwa pa masitepe. Anaitana Thirza kudzasambitsa mtembo, ine n'kumugwirira beseni. Atamasula kolala ya diresi, anaima duu.

"Dorcas, bwera uone."

Pakhosi panali mabala akuda, a zala, mbali zonse ziwiri.

Bwalo lofufuza imfayo linakhala m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yomweramo mowa, ndipo amuna oweruzawo ambiri anali anzake a Enoch a pamowa. Thirza anaimirira n'kunena zomwe anaona. Ine ndinavomereza. Wina wa ndevu zofiira anatsamira mpando n'kuti, "Amayi awa awerenga kwambiri za Mayi Garside. Pitani mukaphike mbatata, mayi!" Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Anagamula kuti inali ngozi.

Thirza anadzitsekera m'nyumba. Ndinkamumva kudzera pakhoma akuyendayenda, akulankhula yekha. Nkhani yotsatira ya Mayi Garside inali ya mkazi wogwa pa masitepe. Mayina anasintha, koma anasiya shawelo yobiriwira ya Keziah, ndi chizolowezi cha Enoch choimba mluzu wa nyimbo za kutchalitchi akakwiya. Mzere wonse unamuzindikira. M'nkhanimo mwamunayo ananyongedwa.

Enoch anapita kwa loya. Mwini nyuzipepala, pochita mantha, anaulula dzina la wolembayo, n'kumuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Zamalirozo nazonso zinatha. "Ameneyo amavula akufa athu kuti apeze cholemba," ankatero azimayi pa mpope, ena mwa iwo omwe aja ankalimbirana nkhani zake.

Anagulitsa tebulo, kenako bedi. Chisanu chotsatira chinamupeza m'nyumba yosungira amphawi, kumene ankamumasulitsa zingwe zakale za sitima zapamadzi mpaka zala kuchucha magazi. Nditapita kukamuona ndi buledi, sanafunse za nyumba yake. Anali atamva kuti Enoch wakwatira Selina, kamtsikana ka kufakitale.

"Selinayo ukumamuona? Akuyenda bwinobwino?"

"Akuyenda," ndinayankha.

"Uzimupatsa moni mokweza, mwamunayo azimva kuti pali wina akuyang'ana."

Ndinachita zimenezo m'mawa uliwonse. Selina ankangogwedeza mutu, maso pansi.

Thirza anamwalira chilimwe chisanafike, n'kuikidwa m'manda a amphawi, dzenje limodzi ndi anthu osawadziwa. Enoch anakalamba, anamusankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo pa maliro ake tchalitchi chinadzaza. Selina anakhala kutsogolo, osagwetsa msozi, ndipo mwambo usanathe anadzuka n'kutuluka.