Zikhomo Zofiira za a Pemphani

Ku Chinsapo kuno tinkawatchula kuti a Chibuma, ngakhale dzina lawo lenileni ndi Pemphani. Dzinalo analipeza okha. Akafika pakhomo pako, asanafunse n'komwe za ana, ankatola chibuma cha dothi n'kupempha madzi m'kapu. Ankachiponya m'madzimo, maso ali pomwepo. Chikakhala chilimbire, ankagwedeza mutu n'kukhala pansi. Chikasungunuka ngati shuga, tiyi wako ankazizira m'manja, chifukwa ulaliki wake unali wautali.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata ku nkhalango ya Dzalanyama, akunyamulira anthu oyeza malo chitsulo chobowolera nthaka. Zaka zambiri anayenda m'mapiri a ku Dedza ndi ku Ntchisi, kupima kutsetsereka kwa malo, kufikisa dothi m'zala, kenako n'kukhoma zikhomo zopaka penti. Chobiriwira chinkatanthauza nthaka yogwirana bwino. Chachikasu, yofuna kusamala. Chofiira chinali cha nthaka yoti ukangodula mitengo imapita ndi mvula. Mitundu yomweyo ndi imene inkajambulidwa pa mapu. Atapuma pantchito, mkazi wawo atamwalira kale, anabwera m'tauni ndi njinga komanso chitini cha penti wofiira chimene palibe ankadziwa ntchito yake.

Kumapeto kwa dera lathu kunali kankhalango ka bulugamu, pamalo otsetserekera kumtsinje. A Pemphani atamva nkhwangwa zayamba kulira m'menemo, anakayesa dothi lake, ndipo linasungunuka lonse. Anasema zikhomo, anazipaka penti uja, n'kuzikhoma mizeremizere potsetsereka ponse. Kenako kunabwera uthenga woti mkulu wawo wadwalika ku Mitundu, iwo n'kupita kukadwazika. Anakhalako chilimwe chonse, mpaka maliro atachitika.

Apa ndi pamene ine ndimapsa mtima mpaka lero. Munthu wa mu Lilongwe akaona zikhomo zili pamzere saganiza za dothi ayi. Amaona mapuloti. Mbiri inawanda kuti malo aja agawidwa, mabikoni osonyeza malire akhomedwa kale, ndipo ochenjera anayamba kulozera anthu pomanga. Mitengo yonse inathera m'mauvuni a njerwa. Jemima, mwana yekhayo wa a Pemphani, anali atatopa ndi lendi ku Mtandire. Iye ndi mwamuna wake Jones anasankha pakati penipeni, pamene zikhomo zinathithikana, poganiza kuti pomwe bambo anakhoma kwambiri ndiye pabwino. Pafoni sanawauze kanthu bambowo, ankafuna adzasangalale akadzaona ndi maso.

A Pemphani anabweradi, n'kupeza malata akhomedwa kale. Jones anali atazika chikhomo chimodzi m'simenti pakona ya nyumba, kuti wina asamubere malire. Jemima anawagwira dzanja kukawaonetsa chipinda chimene anawakonzera. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinaona mdalayo akukhala pa mulu wa njerwa mwadzidzidzi.

"Mwana wanga," anatero, "kufiira kumatanthauza kuti thawani."

"Nanga bwanji simunalembepo, Ababa?" anafunsa Jemima.

Ku Dzalanyama kuja kunalibe wofuna kulemberedwa, aliyense ankadziwa mitundu ija. Mkamwini sakalipiridwa pamaso pa anthu, choncho a Pemphani anangomupempha Jones mwaulemu kuti asamuke mvula isanayambe. Jones anayankha ndi ulemu womwewo kuti zonse zimene anali nazo zili m'makoma amenewo, ndipo kobwerera kulibe.

Kuyambira tsiku limenelo a Pemphani anasanduka kapolo wa nyumba ija. Anabzala udzu wa vetiva, anaunjika matumba a mchenga, anakumba ngalande ndi msana wawo wokalambawo. Zinali zomvetsa chisoni kuwaona, chifukwa iwo eni ankadziwa kuti sizithandiza. Mvula ya Disembala inang'amba kachigwembe kuseri kwa bafa. Ya Januwale inakakuza, moti munthu akalowamo mutu sunkaoneka. Mu Febuluwale, itagwa masiku angapo osakata, nthaka inachoka pansi pa khoma lakumbuyo masanasana, Jemima akutunga madzi apadenga. Khomalo linamupsinja m'chiuno. Anapulumuka, koma sayendanso.

Atabwerako kuchipatala kokamuzonda, a Pemphani sanalowe m'nyumba. Anatenga khasu n'kutsikira kuja kukazula zikhomo zotsala, chifukwa kumunsi kwake anthu ena anali akuumba kale njerwa. Anazula zochepa chabe. Eni mapuloti anatuluka ndi zibonga, akukuwa kuti kwabwera wakuba mabikoni, wofuna kulanda anzake malo. Pamene ife owadziwa tinkafika, mdalayo anali chigonere m'matope, magazi ali m'kamwa, chikhomo chimodzi atachikumbatira.

Eni mapuloti aja anamulanda nachonso. Dzuwa lisanalowe zikhomo zonse zinali zitabwerera m'malo mwake, ndipo ulendo uno anazithira simenti.